Thovu la pachiyambi penipeni

Nkhani iyi ndaiwerenga kawiri kuno ku Mangochi, a mlembi mwati chilengedwe chitangoyamba kumene chinasintha mkhalidwe wake ngati madzi owira ndipo mwina zinasiya mafunde a gravity (mphamvu yokoka zinthu ija) omwe akuyendabe mpaka lero. Ndionjezereko pang'ono. Taganizani madzi a nsima akayamba kuwira, thovu limatulukira apa ndi apo nkumakula mpaka kugundana. Asayansi akuti ngati kusinthako kunachitika motero, sekondi imodzi isanakwane nkomwe Big Bang (kuphulika komwe kunayambitsa chilengedwe) itachitika, kugundana kwa thovu ndi kugwedezeka kwa plasma (mpweya wotentha kwambiri womwe unadzaza chilengedwe nthawiyo) kunagwedeza danga lenilenilo. Koma mwasiya chinthu chimodzi bwana, masamu a Standard Model (chiphunzitso cha asayansi chofotokoza tizidutswa ting'onoting'ono topanga zinthu zonse) amati kusinthako, komwe amakutcha kwa electroweak, kunayenda mwa phee popanda thovu, ndiye tikadzamva mafundewo ndekuti pali fizikisi ina yomwe sitinaidziwe, apa nde pokoma.

LIGO, makina a ku America omwe anagwira mafunde a gravity oyamba mu 2015, inamva ma black hole awiri (malo a m'mlengalenga okoka chilichonse, ngakhale kuwala) akuphatikizana, si izi ayi. Mafunde a thovu lija ndi aatali kwambiri, ngati kusiyana kwa timafunde ta m'mbali mwa bwato ndi mwera weniweni pakati pa nyanja. Nchifukwa chake ESA, bungwe la ku Ulaya loona za m'mlengalenga, ikukonza LISA, zombo zitatu m'mlengalenga zotalikirana makilomita 2.5 miliyoni, zoti zidzanyamuke cha m'ma 2035. Ine nthawi imeneyo mutu udzakhala utachita mbuu ndi imvi koma ndidzadikira basi, bola netiweki isadzavute tsiku lake.