Mukumanga kompyuta ya magemu kuno ku Mulanje? Yambirani ku magetsi

Anzanga a pa Chitakale mpaka ku Limbuli amene mukusunga ndalama ya kompyuta ya magemu, ndimvereni pang'ono. Mavidiyo a pa YouTube aja ndi abwino, koma ambiri opanga ali kumayiko komwe magetsi sazimazima, ndipo chipangizo chikafa amakachibweza kusitolo. Ife zathu zimabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kapena timakazisaka ku Limbe, mitengo yake ikuthamangitsana ndi dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani ali ndi ndalama yogula chinthu kawiri?

Ine ndikuti ndalama yoyamba ipite ku power supply. Ndikudziwa, palibe amene angakutamandeni chifukwa cha kabokosi kobisika pansi pa kesi. Koma chilichonse chochokera kukhoma chimayamba kudutsa momwemo. Magetsi akazima n'kubwera mwaukali, power supply yopanda dzina ija, yolembedwa 700W pachomata koma mukainyamula yopepuka ngati mulibe kanthu, imatha kupsa n'kutengera motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi graphics card (khadi yotulutsa zithunzi za gemu pa sikirini) kumanda. Pezani ya 550W kapena 650W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, ya mayina odziwika monga Corsair kapena Seasonic. Kenako UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, ya 1000VA ingakwane. Siyoti mumalize nayo mpira magetsi atathima ayi, ndi yongokupatsani mphindi zingapo muzimitse bwinobwino. Ndipo dzinja likafika, mabingu akayamba kugunda m'phirimu, zulani pulagi kukhoma basi. Mphezi siiopa UPS.

Pa processor, ubongo wa kompyuta, thumba likakhala lopyapyala, ndimakonda Ryzen 5 5600G. Ili ndi ma core 6, imabwera ndi fani yake m'bokosi, ndipo chachikulu n'chakuti ili ndi graphics mkati momwemo. Mutha kuyamba kusewera GTA V kapena eFootball pa ma setting otsika musanagule khadi, kwinaku mukusonkhanitsa ndalama ina. Ikani pa motherboard ya B550, kapena B450 bola wogulitsa atsimikize kuti BIOS yake, pulogalamu yoyatsira bolodiyo, anaikonza kale kuti ilandire Ryzen 5000, apo ayi mufika nayo kunyumba sikirini ili bii.

RAM, memory yogwirira ntchito ya kompyuta, ikhale DDR4 ya 16GB, koma timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Graphics ya mkati ija ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM, ndiye njira zikakhala ziwiri kusiyana kwake mumakuona ndi maso.

Ndalama ikadzakwana, RX 6600 ya 8GB ndi khadi yanzeru pa 1080p, ndipo imadya mawati 132 okha. Ya kaunjika imene yachuluka ndi RX 580, yotuluka mu 2017. Siyoipa, koma zambiri zinagwira ukapolo usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto, komanso imakoka mawati 185. Chenjeraninso ndi yolembedwa RX 580 2048SP, imeneyo mphamvu zake n'za RX 570, dzina lokha ndi lomwe linakula. Musapereke ndalama pongoona chithunzi pa WhatsApp. Muuzeni mwini wake ayatse gemu theka la ola muli pomwepo, muone ngati mafani onse akuzungulira, ngati sikirini sikutulutsa timizere ndi timadontho tachilendo, ndi kutentha kwake kukufika pati.

Ena amagula Dell OptiPlex yakale ya mu ofesi kuti angoikamo khadi. Zimatheka, koma zing'onozing'ono zija zimangolola khadi yaifupi, ndipo power supply yake ndi yamtundu wakewake, yovuta kusintha.

Nyali za RGB, kesi yagalasi mbali zonse, zonsezo zidikire. Kesi ingokhala yolowa mpweya kutsogolo, ndipo muiike patebulo, osati pansi pasimenti pomwe fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha chiperoni zimakumana.

SSD, mosungira mafayilo ndi magemu, tengani ya 1TB ngati mungathe, chifukwa GTA V yokha imadya pafupifupi 100GB. Pa mabando athuwa musaidawunilode nokha. Gulani gemu pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mukakope mafayilo kwa mnzanu amene ali nayo kale, Steam iwazindikira n'kungowonjezera zotsala.