Olemekezeka, kodi tinakutumani kukakuwizana?

Sabata yatha ndinali pashedi ya mmisiri wina ndikudikira kuti andikonzere mpando, wailesi ili pambali ikuulutsa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Ndinali ndi mnzanga amene wakhala akugwira choko zaka zoposa 30, pano anapuma. Titamva kuti ayamba nkhani ya makhonsolo, penshoni ndi sukulu za ntchito zamanja, tinauza mnyamata kuti asiye kaye kupala thabwa, timve. Tinamvanji? Phungu wina atangoimirira, mbali inayo inayamba kukuwa. Wina "point of order", mnzakenso "point of order", kumenya matebulo, kuseka, kutchulana za chisankho chapita. A Sipikala mpaka mawu kusasa. Mnzanga uja anangodzuka, nkutola chipewa chake, osatsanzika.

Ine ndakula, ndipo mundimvere. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Olemekezeka, mulipo 229 tsopano, kuchoka pa 193. Mipando inachuluka, nanga nzeru zinachuluka nawo? Nyumba yokongola ija ku Lilongwe anaimangira kuti muzikaimbiranamo nyimbo zachipongwe? Ena mumangosaina m'mawa kuti alawansi isakuphonyeni, ikamakwana 3 koloko masana mipando ili gwa! Ena maso ali pafoni nduna ikuyankha funso lomwe mwafunsa nokha. Koma ikangobwera nkhani ya malipiro anu, ngongole za galimoto ndi mafuta, palibe wa boma, palibe wotsutsa, nonse mumakhala ana a mayi mmodzi. Mukuganiza kuti sitiona?

Nkhani ya mphamvu ku anthu si yadzulo. Lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko yake zinabwera mu 1998. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda khansala ngakhale mmodzi mpaka 2014. Zaka 9! Mkati mwa zaka zimenezo, mu 2010, munasintha lamulo kuti inu aphungu muzivota nawo m'makhonsolo. Ndiye mphamvu ku anthu imeneyo? Wopanga lamulo ndi inu, wogawa ndalama ndi inu, wosankha pomanga mlatho ndi inu, wofufuza ngati simenti yabedwa ndi inunso. Fisi angalondere khola la mbuzi? Mpake kuti mu 2025 khoti lalikulu linanena kuti zoti phungu azivota m'khonsolo komanso aziyendetsa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, nzosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Zinafunika oweruza kuti akuuzeni zomwe agogo akumudzi ankaziona kale?

Thumba la CDF lija, chiyambire 2006, mwalisandutsa ngati munda wa makolo anu. Midadada ya sukulu yoima pawindo zaka zitatu. Milatho yopita ndi mvula yoyamba. Mijigo yokumbidwa pakhomo pa wapampando wa chipani pamene mudzi wonse ukumwa ndi ng'ombe. Makomiti a chitukuko a m'midzi amakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, mafumu ali pomwepo, kulemba zofuna zawo, mapepala nkukathera m'kabati. Khansala akafunsa, akuti akufuna kukulandani mpando. Bwanamkubwa akakana kusaina, mawa mwamuthamangira ku likulu kuti amusamutse. Kenako muimirire m'Nyumba muja nkumati makhonsolo alibe luso losunga ndalama. Analiphunzira kuti, poti chikwama simunawapatsepo chonse?

Za penshoni ndiye zimandiwawa mpaka m'mafupa, chifukwa anzanga ndikuwaona. Munthu wakwanitsa zaka 60, wapatsidwa kalata, watuluka m'nyumba ya boma, kenako ulendo wayamba. Mnzanga wa chipewa uja wapita ku ofesi ina kangapo konse, ulendo uliwonse ndalama ya basi yokongola. Lero fayilo sikuoneka. Mawa wosaina ali kumsonkhano kunyanja. Mkuja akuti kalata yomulembera ntchito, ya zaka makumi atatu zapitazo, abwere nayo. Amagona pakhonde la wachibale mutauni, bambo woti anaphunzitsa ena mwa inu kulemba dzina. Podikirapo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yomwe akanamangira nyumba, ikadzatuluka idzagula malata angati? Ndipo alipo amene ndalama zawo zinatuluka iwo ali kale kumanda, ana nkumakanganirana.

Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linanena momveka kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Alipo mabwana amene amadula 5 peresentiyo mwezi ndi mwezi koma osaipereka kothumba. Kumeneko si kuba? Munakonzanso lamulolo mu 2023, chabwino, koma ndani mwa inu amaimirira kufunsa kuti akuba otere alangidwa angati? Kapena mukuopa chifukwa ena mwa makampaniwo ndi anu omwe? Mukuseka lero poti muli pa mpando wofewa. Zaka zisanu si zambiri, afunseni anzanu amene anagwa pachisankho, ena tikukwera nawo minibasi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga ana athu? Chaka chilichonse amalemba MSCE, ku yunivesite malo ndi ochepa, otsalawo ali pa kabaza ndi pa bawo. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lilipo kuyambira 1999, olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro kuti ana aphunzire luso. Makoleji alipo: Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu, Livingstonia, kuphatikiza a m'madera omwe anayambira ku Ngara m'boma la Karonga mu 2015. Nkhani yoti mukhalire pansi ndi yakuti mwana wophunzira kuwotcherera agwire makina enieni, wa zamagetsi akhale ndi zipangizo, womaliza apeze pogwira. Inu mukutha ola lathunthu kukangana kuti koleji inamangidwa ndi chipani chiti. Njerwa ili ndi chipani? Ana anu ali kunja, n'chifukwa chake nkhani ya sowo ndi pulena mumaiyasamulira. Mnyamata amene ankandikonzera mpando uja anaphunzira pongoonera amalume ake, alibe pepala lililonse, ndipo kontirakiti ya madesiki a sukulu ya m'mudzi mwake momwe sangaione.

Nanunso ovota musabisale kuseri kwa aphungu. Ndinu amene mumadzaza pageti pa phungu m'bandakucha kufuna bokosi la maliro, fizi, ndi yunifolomu ya timu ya mpira. Munamufunsapo kuti pa bilu ya penshoni ananenapo chiyani? Munayamba mwapitako ku msonkhano wa khonsolo? Khansala wanu dzina lake mukulidziwa? Akakuponyerani nsalu ndi K2,000 mumavina mpaka fumbi koboo, ndiye mukadwala mukapeze kuchipatala kulibe mankhwala muzidabwa? Amene amakuwa kwambiri m'Nyumba muja ndiye mumamutcha dolo, mavidiyo ake nkumatumizirana pa WhatsApp. Mukuweta chinthu chomwe chidzakudyeni.

Olemekezeka, Nyumba ikakumananso mukhale pansi, mafoni m'thumba, muwerenge mabilu musanatsegule pakamwa. Ngati simungathe, tulani pansi udindo mubwere kuno tidzalime limodzi. Manyazi mulibe?