Anyamata a galayinda, mukudziwononga mukuseka

Ana anga omanga nyumba ku Chitakale, pa boma la Mulanje mpaka ku Limbuli, ndikunena inu. Mwaona kuti galayinda yafewetsa ntchito, ndiye mukungodula matailosi ndi mabuloko ouma gwaa, nkhope ili mbuu, nsidze zoyera ngati za agogo. Mnzanu akavala masiki mukumuseka kuti ndi wamantha. Zachibwana zimenezo.

Mu mchenga, mu konkire, mu njerwa ndi m'miyala ya kwale muli silika, mtundu wa mwala wolimba kwambiri. Makina akamadula kapena kuboola, amatulutsa fumbi losalala kwambiri loti maso saliona, ndipo lomwelo ndi limene limakafika mkatikati mwa mapapo. Silituluka ndi kutsokomola. Silitsukika ndi mkaka, ngakhale mumanamizana choncho pa golosale mukaweruka. Mapapo amachita zipsera, amauma, munthu n'kumapuma wefuwefu pa kamtunda koti mwana amathamangapo. Matendawa ndi silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo munthu wotere TB sichedwa kumugwira. Kafunseni kumudzi za azibambo amene anapita ku migodi ya golide ku Joni pa Wenela ndi pa Teba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi. Anabwera ndi wailesi ndi masuti, koma chifuwa chawo chinali chotani? Fumbi lake ndi lomweli.

Nyowetsani podulapo ndi madzi, nthambo ya magetsi ikhale patali. Valani masiki ya N95, yosefa fumbi losalala, yogwira bwino mphuno. Kampango komanga kukamwa n'kongodzinamiza. Posesa wazani madzi kaye, ndipo zovala zantchito musakakutumulire pakhonde pamene ana akudyera nsima.

Za makutu ndiye simuziganizira n'komwe. Phokoso la madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola 8 ndiwo malire, pomwe galayinda imafika cha m'ma 100. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu ali pambali panu amve, makutu akuwonongeka. Kulira kwa "tsiii" kumene mumamva usiku mukagona ndi chizindikiro, ndipo khutu likafa silidzukanso. Ena mpaka mumatsekamo mahedifoni a nyimbo, kuwonjezera phokoso pa phokoso! Funani zotsekera m'makutu zenizeni, thonje silokwanira.

Nanunso makontilakita, lamulo la 1997 la chitetezo pa malo a ntchito limati muteteze antchito anu. Ndalama ya simenti mumaipeza, ya masiki ndiye ikusoweni?

Amene wakhala akutsokomola kwa masabata awiri apite kuchipatala, ndipo akawauze adokotala kuti amagwira ntchito m'fumbi la miyala.