Fomu ya mphindi khumi singakuuzeni kuti munthu ndi wotani

Abale anga a mu Lusaka muno, makamaka inu amene mumalemba anthu ntchito, pali chinthu chikundivutitsa mtima. Masiku ano mwana akafunsira ntchito, asanaonane n'komwe ndi bwana aliyense, amamutumizira linki kuti ayankhe mafunso oyeza khalidwe lake. Akamaliza, kompyuta imagamula kuti uyu ndi wamanyazi, sangatsogolere anzake, basi dzina lachotsedwa. Sayansi yake ine ndimailemekeza. Chimene ndikukana ndi kugamula mlandu wa moyo wa munthu ndi mboni imodzi, mboni yakenso yosadziwa kwathu kuno.

Mafunso amenewa ali ndi kwawo. Mu 1936, Gordon Allport ndi Henry Odbert anasanthula dikishonale ya Chingerezi n'kutolamo mawu pafupifupi 18,000 ofotokoza munthu. Ena anabwera pambuyo n'kumawerengetsa kuti ndi mawu ati amene amayendera limodzi, mpaka anatsala ndi magulu asanu otchedwa Big Five: kukonda zinthu zatsopano, kusamala pa ntchito, kumasuka pagulu, kugwirizana ndi anthu, ndi kutekeseka mtima msanga. Inali ntchito yaikulu ndithu. Koma mawu ake anali a Chingerezi, ndipo oyankha ambiri anali a ku America ndi ku Europe, ochuluka mwa iwo ana a pa yunivesite. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa dziko kuti anthu 96 pa 100 alionse amene ankayesedwa m'magazini akuluakulu a psychology, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, ankachokera m'mayiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 a padziko lonse.

Nanga mafunsowo akafika kwa ife? Mu 2019 Rachid Laajaj ndi anzake anaunika mayankho a anthu oposa 94,000 m'mayiko 23 osauka ndi ongotukuka kumene. Anapeza kuti pamene anthu ankafunsidwa pamasom'pamaso, magulu asanu aja sankatuluka bwino. Mayankho ankasakanikirana, ndipo ngakhale wofunsayo ankasintha zotsatira. Kwa anthu a mtundu wa Tsimane a ku Bolivia nakonso, mu 2013, asanuwo sanaoneke.

Ine zimenezi sizindidabwitsa. Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Kalingalinga, anali kudzaza fomu yotere pa foni, chala chili m'mwamba pakati pa 1 ndi 5. Funso linali lakuti kodi paphwando ndiye amene amasangalatsa anthu onse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, phwando lake liti? Pali akuluakulu kapena tili tokhatokha?" Mtsikanayu pamaso pa akulu amagwada, mawu ake simungawamve. Koma Lamlungu ndiye amayambitsa nyimbo kukwaya, ndipo pamaliro a agogo ake ndiye anagwira buku la chipepeso, ngwe iliyonse inalembedwa. Fomuyo inalibe malo oti alembe zonsezo. Anasankha 2, chifukwa analeredwa kuti kudzitama ndi mwano. Mnzake wodziwa zimene mabwana amafuna akanasankha 5.

Apa pali mavuto amene ofufuza eni ake amawadziwa bwino. Munthu wofuna ntchito amayankha zokomera. Munthu waulemu amavomera zilizonse zimene mlendo wanena, n'chifukwa chake mafomu abwino amafunsa chinthu chimodzi kawiri, kachiwiriko mozondotsa. Ndipo enafe timakhulupirira msanga zotsatira zikatikomera. Mu 1948 Bertram Forer anapatsa ophunzira ake onse ndemanga yofanana ndendende, aliyense akuganiza kuti ndi yake yokha, ndipo anaipatsa pafupifupi 4.3 pa 5 kuti yawafotokoza molondola. Muzikumbukira zimenezi mukamaona anzanu akuika pa Facebook zilembo zinayi zimene apeza pa Myers-Briggs, mafunso enanso oyeza khalidwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti njira yabwino inayesedwa kale konkuno. Robert Serpell wa pa University of Zambia, pa Great East Road pomwepa, anapita kumidzi ya Achewa m'boma la Katete m'zaka za m'ma 1970. Sanayambe ndi pepala. Anakhala pansi ndi akuluakulu odziwa ana a m'mudzimo n'kuwafunsa kuti, pakagwa chakutichakuti, mwa ana awa mungatume uti, ndipo chifukwa chiyani? Anapeza kuti akuluwo akamati mwana ali ndi nzeru, sankayang'ana kuchenjera kokha. Ankayang'ananso ngati ali wotumikira, wodalirika pa zinthu za anthu. Kenako anawo anawatsatira mpaka atakula. Kufunsa amene amamudziwa munthu, ndi kumuona kwa zaka, ndi njira ziwiri zimene ofufuza padziko lonse amazilemekeza. Ankhoswe athu amachitanso zomwezo asanavomereze chikwati.

Ndikudziwa, anthu a m'mudzi nawonso amakondera. Pali nsanje, pali miseche, pali mwana amene amadedwa chifukwa cha zochita za bambo ake. N'chifukwa chake simufunsa munthu mmodzi. Mumafunsa angapo amene sanapangane, muike pamodzi ndi zimene mwiniwake wanena, muonenso mmene akugwirira ntchito yeniyeni.

Anzathu a ku South Africa anachita khama. Anafunsa anthu oposa 1,000 m'zilankhulo zawo 11 kuti afotokoze abale awo, anzawo ndi aphunzitsi awo, ndipo kuchokera pamenepo anapanga South African Personality Inventory. Zimene zinatuluka mwamphamvu zinali zokhudza kukhala bwino ndi anthu: kumvetsera, kuthandiza, kukhululuka, kusunga mtendere. Ife tili ndi zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene zimamveka pa wayilesi ya ZNBC tsiku ndi tsiku. Chikutiletsa n'chiyani kuchita zofanana m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga?

Pakali pano, inu olemba ntchito, fomuyo isakhale chipata choyamba. Muitaneni mwanayo, mumupatse kantchito ka tsiku limodzi, muimbire foni aphunzitsi ake ndi amene anagwira naye ntchito. Ndipo inu ophunzira a psychology amene mukusaka mutu wa kafukufuku chaka chino, amayi a pa msika wa Soweto akhoza kukufotokozerani khalidwe la wogulitsa aliyense pa mzere wawo. Tengani kope mupite mukawafunse.