Mthuthu si duwa lokongoletsa pakhomo chabe

A mtolankhani, mwalemba kuti mthuthu, umene ena amati ombwe, ndi duwa lakutchire longokongoletsa pakhomo. Apa mwauchepetsa. Amalume anga ku Chongwe amaubzala pakati pa chimanga chifukwa umabwezera chonde m'nthaka monga amachitira nandolo. Masamba ake amawasinja n'kuwaviika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kupopera nsabwe za pa repu kapena kusambitsa ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Koma anzanga a mu Lusaka muno, ndowa yake musakatsukire kumtsinje! Poizoni wa m'masambamo amapha nsomba, ndipo kupha nsomba ndi mankhwala boma limaletsa. Komanso si mthuthu wonse uli ndi mphamvu, wina mumapopera mpaka kutopa, nsabwe zili phee.