Tisanaimbe mlandu chiswe, tiyambe tazula mbewu n'kuona mizu

Mwezi wa Malichi ndinapita kumudzi kwathu, kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata, ndipo amalume ananditengera kumunda wa nshawa ali okhumudwa kwambiri. Mizere ingapo inali itafota, ndipo atafukula pansi pa phata limodzi tinapeza chiswe chili piringupiringu. Iwo anali atagamula kale kuti m'mawa mwake apita kukagula mankhwala amphamvu othira m'nthaka. Ine ndinawapempha kuti tiyambe tayang'ana mbewu zoyandikana nazo, ndipo zimene tinaona ndi zimene zandichititsa kulemba maganizo angawa.

Nshawa zambiri pamalopo zinali zopinimbira, masamba ake aang'ono, opiringizika ndiponso achikasu, zimene ndi zizindikiro za kadukutu, matenda amene amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu. Chiswe chinafika ndithu, koma chinapeza mbewu zitafooka kale. Kadukutu si wachilendo kuno: mu 1995 anawononga mahekitala oposa 40,000 a nshawa kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi Chipata, akhala akulimbikira kupeza mitundu ya nshawa yopirira. Alangizi amatiuza kuti tizidzala ndi mvula yoyamba komanso mothithikana, chifukwa nsabwe zouluka zimakonda kutera m'munda wa mbewu zotalikirana mmene dothi likuonekera. Amalume anadzala mochedwa chifukwa anayamba ndi chimanga, monga mmene ambiri a ife timachitira.

Mfundo yanga ndi yakuti mbewu ikadwala, zinthu zonse zozungulira mizu yake zimasintha, ndipo kachirombo kamene timakaona ndi maso nthawi zambiri kamakhala kobwera pambuyo. Aliyense amene analimapo matimati kudimba amadziwa mtengo umene umafota masana ngakhale wathiriridwa m'mawa. Mukauzula mumapeza mizu yotupatupa ngati mikanda, ndipo zotupazo zimayambitsidwa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene alangizi amati nematodi. Mabala amene tinyongolotsiti timasiya pamizu ndiwo khomo lolowera matenda ofotetsa mbewu, ndipo muzu ukayamba kuwola umakopa tizirombo tina todya zowola. Apa ndichenjeze achinyamata amene angoyamba ulimi: timatuza ta pamizu ya nshawa ndi soya n'tabwino, timathandiza kuwonjezera chonde, ndipo timathothoka mukatikhudza ndi chala, pamene chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo umene wafufuma ndipo sichichoka.

Nthawi zina tizirombo ndi timene timayamba, matenda n'kubwera pambuyo. Chiswe ndi mbozi zoyera za m'nthaka zikakanda makoko a nshawa, chuku chimalowa mosavuta, ndipo chukucho n'chimene chimabala poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi cha munthu komanso kutsekereza nshawa zathu kumisika yakunja.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti m'dothi lomwelo muli abwenzi athu amene sitiwawerengera. Nyerere, linthumbu, akangaude ndi zikumbu zoyenda pansi usiku zimadya mazira, mphutsi ndi chiswe. Ntchemberezandonda, imene inafika m'Zambia chakumapeto kwa 2016, ikamaliza kudya chimanga imatsikira m'dothi kukasanduka gulugufe, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene zilombo za pansizi zimaigwira. Palinso mtundu wina wa nematodi umene sudya mizu ayi, koma umalowa m'thupi la mphutsi n'kuipha. Mu 2005 akatswiri a ku Neuchâtel m'dziko la Switzerland anasonyeza kuti muzu wa chimanga ukamalumidwa ndi mphutsi umatulutsa fungo loitana nematodi zabwinozi, ndipo anapezanso kuti mitundu yambiri ya chimanga ya ku America inataya luso limeneli. Nditamva zimenezi ndinasiya kuona muzu ngati chinthu chongomwa madzi. Muzu uli ndi njira yoitanira thandizo, ndipo zimene muzu wodwala umatulutsa m'dothi sizifanana ndi za muzu wathanzi.

Sindikunena kuti nyerere ndi zabwino nthawi zonse. Ndaonapo ndekha nyerere zikukwera pa nshawa kukanyambita timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa, n'kumathamangitsa tizirombo tofuna kudya nsabwezo. Choncho nyerere yomwe imatithandiza pa chiswe ingathe kusunga mdani wofalitsa kadukutu. Koma kuvuta kwa nkhaniyi n'kumene kukusonyeza kuti botolo limodzi la mankhwala silingaithetse. Mankhwala othira m'nthaka sasankha: amapha chiswe pamodzi ndi adani ake, koma sachiritsa kadukutu ngakhale pang'ono. Chimodzimodzinso moto umene timayatsa m'minda mwezi wa Seputembala posaka mbewa kapena posafuna kuvutika ndi mapesi. Umatha zinyalala zimene chiswe chikanadya, ndipo chikasowa zouma chimatembenukira ku mbewu zamoyo.

Ndikupempha alangizi athu ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi kuti akamachititsa maphunziro m'midzi azibwera ndi khasu, afukule mbewu yodwala pamaso pa alimi, aitsuke m'chidebe cha madzi, aliyense aigwire ndi manja ake. Ogulitsa mankhwala m'masitolo nawonso azifunsa kaye mlimi kuti mizu ikuoneka bwanji asanamupatse botolo.

Amalume sanagule mankhwala aja. Tinazula nshawa zodwalazo n'kuzikwirira kutali ndi munda, ndipo tagwirizana kuti chaka chino pamalopo padzalidwe chimanga, mapesi asatenthedwe, ndipo nshawa zipite ku munda wakumtunda mvula yoyamba ikangogwa.