Cache si mankhwala a query yodwala

Anzanga olemba Java, pali chizolowezi china chimene chimandiwawa. Tsamba likangoyamba kuchedwa kutseguka, munthu amathamangira kuika @Cacheable ya Spring pamwamba pa method kuti zotsatira za query (funso lopita ku database) zizisungidwa mu cache, malo osungirako mayankho kwa kanthawi, n'kumati wathana nazo. Ayi ndithu, mwangophimba chilonda ndi nsalu, mafinya akadali mkati.

Inenso ndinachitapo zimenezi, sindikunyoza munthu. Ndinkasunga zotsatira za query mu HashMap wamba, wopanda malire, wopanda nthawi yofufutira zakale. Masiku oyamba zinkathamanga mokoma, mpaka memory inadzaza, seva n'kugwa ndi OutOfMemoryError. Titafufuza tinapeza kuti column imene tinkasakira inalibe index, kalozera wothandiza database kupeza mizere msanga. Basi. EXPLAIN, lamulo loonetsa mmene database ikuyendetsera query, ikanatiuza zimenezo tisanamalize n'kapu ya tiyi yomwe.

Ndiye yambani mwaona SQL imene Hibernate, chida cholumikiza Java ndi database, ikutumiza. Nthawi zambiri mupeza kuti tsamba limodzi likufunsa database kambirimbiri, query imodzi ya mndandanda kenako ina pa mzere uliwonse, ija timati N+1. Imeneyo imafuna JOIN FETCH, yotenga zonse ndi query imodzi, osati cache.

Kodi ndikuti cache ndi yoipa? Ayi. Mndandanda wa maboma 28 a Malawi susintha mawa, usungeni mu Caffeine (library ya cache ya Java), muike maximumSize (malire a zosunga) ndi expireAfterWrite (nthawi yofufutira zakale), mukagone. Koma ndalama zotsala mu akaunti ya munthu kapena katundu wotsala m'sitolo, zimenezo zitengeni ku database nthawi zonse. Kasitomala amapirira tsamba lochedwa pang'ono, koma sangakukhululukireni mukamuonetsa ndalama zimene kulibe.

Kusunga n'kosavuta, mutu umawawa pofufuta. Mukakhala ndi maseva awiri, iliyonse ili ndi Caffeine yakeyake m'memory. @CacheEvict ikafufuta pa seva yoyamba, yachiwiri sidziwa kanthu, imangopereka zakale. Apo mpamene Redis, cache imodzi yogawana maseva onse, imalowera, koma dziwani kuti mwadziwonjezera chinthu china chofuna kuchiyang'anira usiku.

Query cache ya Hibernate nayo imabwera yozimitsidwa, ndipo ine ndimaisiya choncho pa table imene imalembedwa pafupipafupi. Mzere umodzi ukangosintha, zonse zimene inasunga zokhudza table imeneyo zimatayidwa.

Kanthu kena kamene kanandidyera tsiku lathunthu: @Cacheable ya Spring imadutsa pa proxy, mkhalapakati amene amalandira kuitana kochokera kunja kwa class. Mukaitana method imeneyo kuchokera mu class yomweyo, cache siigwira n'komwe, ndipo palibe error imene ingakuuzeni. Ndinadziwa nditatsegula log n'kuona SELECT yomweyo ikubwerabwera.